Dzanja Limene Ndinalichotsa Paphewa la Mwana

Ndikupatsani moni nonse amene mwakhala m'mabenchi muno, odziwana nane ndi amene tikuonana lero koyamba. Dzina langa ndine Yotamu Mbewe, wojambula zithunzi pafupi ndi msika wa Kapata. Ena pano ndinakujambulani paukwati, ena zithunzi za pa reji, chitupa chaunzika chija, ndipo ena tinkakhala limodzi pabenchi lina, osati lino, titagwira mabotolo. Abusa andipempha kuti ndinene za mowa. Ndinena ndithu, koma mowa unandipeza ndili kale panjira. Chimene chinayamba kundikoka ndi chidwi, kufuna kuona ngati chinthu chingatheke. Chidwicho ndikadali nacho mpaka lero, choncho mundilole ndiyambire pamenepo.

Bambo anga anali mphunzitsi pamishoni ku Tamanda, ndipo ankafuna kuti ndidzakhale kalaliki wovala tayi. Sukulu sinandiyanje. Ine changa chinali kumasula zinthu, wailesi kapena wotchi, kuti ndione m'kati. Nditalephera mayeso ndinabwera m'tauni n'kuyamba kusesa m'situdiyo ya mmwenye wina. Kumeneko ndinaphunzira kugwira kamela ndi kutsuka zithunzi m'chipinda cha mdima. Tsiku loyamba kuona nkhope ya munthu ikutuluka pang'onopang'ono papepala loyera lili m'mankhwala, ndinaiwala kupuma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndinatsegula kachipinda kangakanga, ndili ndi mkazi, amake Dalitso, ndi ana awiri.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye wochokera ku Kasenengwa, mlimi wa nsawa, dzina lake amayi Jere. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa reji ya malemu amuna awo. Anati zaka zonse za banja lawo sanajambulitsepo limodzi, ndipo ankafuna kuti adzukulu adzaone agogo awo ali awiri. Ndinawauza kuti wakufa sajambulidwa. Anathokoza n'kupita, koma nkhaniyo inandikhala m'mutu ngati minga kuphazi. Sabata isanathe ndinawatumizira uthenga kuti abwerenso.

Ndinajambula kachithunzi ka pa reji kaja n'kukulitsa mutu. Kenako ndinakhazika amayi Jere pampando, mlamu wanga ataima pambali pawo atavala jekete. Nditatsuka chithunzicho, ndinatenga lezala n'kudula mutu wa malemu, kuuika pakhosi pa mlamu wanga. Koyamba mutu unatuluka waukulu ngati dzungu. Kachiwiri m'mphepete munkaoneka mzere woyera. Ndinaphunzira kupala pepala kumbuyo kuti lipyapyale, kudetsa m'mphepete ndi pensulo, kumata ndi guluu wochepa, kenako kujambulanso chonsecho ndi kamela kuti msoko ubisike. Ndinaphunziranso kuti kuwala sikunama. Ngati dzuwa lamenya munthu mmodzi kumanja, mnzakeyo kumanzere, diso limakana ngakhale mwini diso sadziwa chimene akukana.

Amayi Jere analandira chithunzicho n'kuchiyang'anitsitsa. Kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti amuna awo sanakhalepo ndi jekete, koma akanaikonda. Chithunzicho anakachipachika m'nyumba, ndipo mudzi wonse unkadziwa mmene chinapangidwira. Palibe amene ananamizidwa. Mpaka lero ndimati imeneyo inali ntchito yabwino.

Mbiri inamveka. Anyamata anayamba kubwera kuti ndiwaimike pambali pa galimoto yapamwamba, ena patsogolo pa nyumba zosanja za ku Joni zimene ndinkadula m'makalendala. Poyamba zinali zoseketsa. Kenako wina anafuna chithunzi chokaonetsa makolo a mtsikana kuti iye ali ndi shopu. Wina anafuna kuoneka akugwirana chanza ndi munthu wamkulu wandale kuti aopseze mnzake amene ankalimbirana naye munda. Ndinasiya kufunsa kuti chithunzi chikagwira ntchito yanji. Ndinkangofunsa mumtima kuti, kodi ichi ndingachithe? Ndipo chikakhala chovuta ndiye ndinkachifuna kwambiri.

Anthu amene amafuna zithunzi zoterozo sakonda kukambira m'situdiyo. Ankandiitanira kuthaveni, n'kumandionetsa kwa anzawo kuti uyu ndiye amaukitsa akufa. Botolo linkabwera ndisanaitanitse. Ndinachoka pa mowa wamasese kufika pa kachasu. Posakhalitsa manja ankanjenjemera m'mawa, ndipo kuti lezala iyende bwino ndinkayamba ndameza kaye. Maukwati ena ndinafika mochedwa, ukwati wina ndinajambula wonse kamela ilibe filimu. Amake Dalitso analankhula, anatuma ankhoswe, analira, mapeto ake anatenga ana n'kupita kwawo. Ine ndinati asiyeni, ndipeza malo okwanira oyanikapo zithunzi.

M'gulu lathu la kuthaveni munali a Sakala, amene ankagula thonje m'midzi. Tsiku lina masana anandiuza kuti zamagalimotozi n'zachibwana, mwana aliyense angathe. Ukatswiri weniweni, anatero, ndi kupangitsa anthu awiri osadziwana kuti akhudzane. Anatulutsa zithunzi ziwiri. China chinali cha mayi wovala diresi lamaluwa, ataima kumbuyo kwa kamtsikana, dzanja lake lili paphewa la mwanayo. China chinali cha bambo wa chipewa atakhala pampando, amene anati ndi dalaivala wa lole. Ankafuna kuti dzanja la mayiyo likhale paphewa la dalaivalayo, awiriwo ali pakhomo la nyumba yogona alendo. Anati ndi nthabwala chabe, mayiyo ndi msuweni wawo.

Abale, sindikunamizani kuti ndinapusitsidwa. Ndinanyamula kamela ndekha kukajambula khomo la nyumba yogona alendo ija, ndipo munthu wamkulu aliyense amadziwa tanthauzo la mwamuna ndi mkazi pakhomo loterolo. Ndinadziwa, koma maso anga anali pa zala. Zala zija zinali zitapinda paphewa la mwana, ndipo ndinayenera kudula pakati pa chala ndi chala osataya ngakhale chikhadabo. Nditamata, ndinaika kamthunzi ka pensulo pansi pa zala kuti dzanja lioneke lolemera, ndi kakwinya pamalaya a bamboyo. Chinatuluka chithunzi chokongola kuposa zonse zimene ndinapangapo. Ndinasindikiza zingapo, ndipo a Sakala anandigulira mowa mpaka miyendo inakana.

Patapita miyezi ndinamva kumsika kuti mphunzitsi wina wamkazi wathamangitsidwa kubanja chifukwa cha chithunzi. Ndinachoka pamenepo msanga kuti ndisamve dzina.

Unali mwezi wotentha uja, mvula isanayambe, fumbi likulowa mpaka m'mano. M'mawa wina ndinali nditakhala m'situdiyo, mutu ukuwawa ndi matsire, pamene mayi wina anaodira. Anali wowonda, atavala duku, atagwira envulopu pachifuwa. Ndinazindikira dzanja ndisanazindikire nkhope. Dzanja limenelo ndinali nditakhala nalo masiku ambiri pansi pa galasi lokulitsira, ndinkadziwa ngakhale kachipsera ka pachala chachikulu.

Anakhala pampando wojambulirapo anthu, tinapatsana moni, n'kunena kuti iwo ndi amayi Esnati Tembo, ankaphunzitsa pasukulu ina yapulaimale cha ku Madzimoyo. Anafotokoza modekha ngati akuwerenga nkhani ya munthu wina. Chithunzi chimodzi chinafika kuofesi kwa amuna awo, a Lungu, amene anali kalaliki kuboma. China chinafika kwa akulu a mpingo, china kwa mkulu wa sukulu. Anaimitsidwa ntchito, anaimitsidwa pamgonero, amuna awo anawabweza kwa makolo n'kutsala ndi mwana. Ngakhale mayi awo owabereka anawachonderera kuti angovomera kuti nkhani ithe. Amene iwo ankawakayikira anali a Sakala omwe aja. Sanali msuweni wawo ayi, anali munthu amene anawafunsira kangapo iwo n'kumakana.

Chimene chinandibaya ndi ichi. Anati anachiyang'ana chithunzicho kwa nthawi yaitali mpaka anayamba kudzifunsa ngati panali tsiku lina limene iwo analiiwala, kapena ngati anachitidwa zamankhwala. Anachitulutsa mu envulopu n'kuchiika patebulo.

"Sindinabwere kudzakangana ndi munthu, bambo," anatero. "Akuti inu ndi amene mumadziwa zoterezi. Ndikufuna ndidziwe mmene zimachitikira, chifukwa pakhomo limeneli ine sindinapondepo."

Ndinanama. Ndinati ojambula ndi ambiri, ena ali ku Lilongwe, ena ku Lusaka, ine ndingofotokoza mmene ena amachitira. Ndinawapatsa galasi lokulitsira. Ndinawaonetsa kuti m'mphepete mwa tsitsi lawo munali mosalala kwambiri, pamene tsitsi la munthu weniweni silikhala choncho. Ndinawaonetsa kuti mapazi awo sanaponde bwinobwino pasitepe. Iwo ankafunsa ngati mwana wa sukulu wanzeru: nanga pepala lomatalo silioneka bwanji kutukuka? Nanga mthunzi uwu wachokera kuti? Ndipo ine, chidakwa chamatsire, ndinayamba kusangalala. Chiyambire ntchitoyi panalibe munthu amene anandifunsapo mafunso abwino chotero. Ndinaiwala amene ndikulankhula naye. Ndinaloza padzanja paja n'kunena kuti, "Koma chovuta kwambiri chinali zala izi."

Anaika galasi pansi pang'onopang'ono.

"Chinali?"

Ndinachotsa chala changa pachithunzi paja. Panja wina ankaliza belu la njinga, wina akutsatsa tomato. Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena kundilavulira, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma anangoyang'ana chithunzi chija, n'kuika chala chawo padzanja lawo lomwe la papepala.

"Dzanja ili linali paphewa la mwana wanga Chikondi, tsiku limene analandira mphoto kusukulu. Mwanayo munamuika kuti?"

Pansi pa tebulo ndinali ndi katoni imene ndinkaponyamo zotsala podula. Ndinaikoka n'kuikhuthulira pansi. Munatuluka mitu yopanda matupi, matupi opanda mitu, miyendo, mitengo, zidutswa za mitambo. Ndinali ndisanaziyang'anepo zonse pamodzi. Aliyense mmenemo anali mwana wa munthu, ndipo ine ndinamudula kuti wina aoneke bwino. Amayi Tembo anagwada pasimenti, nanenso ndinagwada, tinayamba kufufuza tonse awiri. Anamupeza ndi iwo. Kamtsikana kovala yunifolomu, kakumwetulira, paphewa pake pali mabowo a zala zinayi.

Anamupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje n'kumuika pamiyendo pawo. Sanalire. Ine ndinatuluka kuseri kwa nyumba n'kusanza. Nditabwerera anali ataimirira. Anati akutenga mwana wawo, ndipo ngati ndikadali munthu ndipite ndikanene zimenezi pamaso pa amuna awo ndi abale. Ndinayankha kuti ndiganiza. Tamvani yankho la munthu wamantha, ndiganiza.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mawa lake ndinakwera njinga kupita ku Madzimoyo. Sizinatero. Ndinamwa monga ndinali ndisanamwerepo. Ndinagulitsa kamela kuti ndimwe. Ndinkadzuka pakhonde la thaveni nditadzikodzera, ana opita kusukulu akundilambalala. Ndinkafuna kuiwala, koma kachasu ankangochotsa zina zonse n'kusiya mabowo anayi aja.

Amake Dalitso anabwera m'tauni kudzatenga makina awo osokera, n'kundipeza nditagona pakati pa zidutswa zija, chifukwa sindinazitolenso. Ndinawauza zonse. Anandifunsa kuti, wina akanachita zimenezo ndi nkhope yawo, ine ndikanakhulupirira pepala kapena iwo? Ndinati ine ndikanazindikira, poti ntchitoyi ndimaidziwa.

"Nanga mukanakhala kuti simuidziwa, bambo a Dalitso?"

Anatenthetsa madzi, anandiuza kuti ndisambe, anachapa malaya anga amodzi amene anatsala abwino. Anati sanabwerere kubanja, asandinamize, koma ku Madzimoyo atsagana nane kuti ndisathawire panjira.

Anatumiza uthenga, ndipo tsiku lopangana tinakumana pakhomo pa amalume a amayi Tembo, pansi pa mitengo ya mango. Panali ankhoswe a mbali zonse, mkulu wa mpingo, ndi a Lungu atakhala patali pang'ono, atapinda manja. Ndinafotokoza. Sanandikhulupirire. Wina anati mayiyu wagula chidakwa kuti chimuyeretse. Mkulu wa mpingo anati kamela ilibe mtima, imangoonetsa chimene yaona, ndiye ingganame bwanji?

Mwamwayi ndinali nditasunga chikatoni chenicheni chimene ndinamatapo zidutswa ndisanajambulenso. Ndinachitulutsa m'chikwama n'kuchiika pampando pakati pa anthu. Manja ankanjenjemera kwambiri, chifukwa tsiku limenelo sindinalawe kanthu. Ndinalowetsa nsonga ya lezala pansi pa phazi la amayi Tembo n'kuyamba kutukula. Anthu anasendera pafupi. Mayiyo anamatuka yense, kuchoka pakhomo paja, dzanja lake n'kusiya phewa la dalaivala. Pamene anaimapo panangotsala khomo lopanda munthu. Amayi Tembo anatulutsa kachidutswa ka Chikondi, ine n'kukalowetsa pansi pa zala zija. Zinalowana ndendende.

Kenako amalume anapempha kuti agwireko. Anatembenuza kachidutswako, anakayang'ana padzuwa, anakanunkhiza. Kanayenda dzanja ndi dzanja, azimayi ndi azibambo, aliyense akufuna kuyesa yekha kulowetsa mwanayo pansi pa dzanja la mayi ake. Mkulu wa mpingo anavula magalasi n'kunena kuti ndiye kuti pa zinthu zimene maso ake anaona, sakudziwanso kuti zoona ndi ziti. A Lungu anaimirira, anayenda mpaka pamene ndinali, n'kundimenya chibakera pakamwa. Dzino limene mukuona likusowa apali linatsala kumeneko. Sindinabwezere, ndipo sindinawaimbepo mlandu.

Nkhani inapita kupolisi, kenako kukhoti. A Sakala atamva anawoloka malire, sanaonekenso. Ine ndinavomera mlandu woipitsa mbiri ya munthu ndipo ndinakhala m'ndende miyezi ingapo. Masabata oyamba thupi linkafuna mowa mpaka ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma. Kenako thukuta la kumunda wa ndende linanditsuka. Tsiku lina ndikupalira chimanga ndinaona kuti manja asiya kunjenjemera. Ndinaima n'kumawayang'ana mpaka woyang'anira anandikalipira.

Amayi Tembo anabwezeredwa ntchito, mpingo unawapepesa poyera. A Lungu nawonso anatuma ankhoswe kukapepesa kuti mkazi abwerere. Iwo anakana. Anati munthu amene anagona naye nyumba imodzi zaka zonsezo anakhulupirira pepala osawafunsa n'komwe, ndiye mawa kukabwera pepala lina zidzatha bwanji? Mwana anamutenga, akukhala naye. Ndikunena izi kuti musaganize kuti kuulula kumakonza zonse. Dzina lawo linayera, koma banja limene ndinalidula silinamatikenso.

Nditatuluka ndinalibe kamela, ndinalibe situdiyo. Mnzanga wina wojambula ankandibwereka kamela yake yakale masiku amene iye sankaigwiritsa ntchito, ndipo ndinkapalasa njinga m'midzi kujambula ana ndi makwaya. Njira yodutsa kuthaveni ndinaisiya, ndinkazungulira ngakhale kutalike. Anzanga akale akandiitana ndinkangokweza dzanja osatsika panjinga, chifukwa ndinadziwa kuti phazi likangoponda pansi ndapita. Zimene ndapeza patsikulo ndinkakasiya kwa amake Dalitso dzuwa lisanalowe, iwo akali kwawo, ndipo ankandinunkhiza m'kamwa pakhomo pomwepo, ana akuona. Zinkandichititsa manyazi, koma zinandithandiza. Kamodzi ndinagwa, pamaliro a msuweni wanga, ndipo m'mawa mwake ndinakanena ndekha asanamve kwa ena. Inu amene mukulimbana ndi botolo, pezani munthu mmodzi amene simungamunamize, ndipo mukagwa muzikanena msanga. Patatha chaka ndi miyezi, amake Dalitso anabwerera ndi ana, ndipo ndinatsegulanso kasitudiyo.

Lezala ndinali nditalumbira kuti sindidzaigwiranso. Koma kunabwera mkulu wina wa ku Kasenengwa amene ana ake anabalalika, wina kumigodi, wina ku Zimbabwe, wina anamwalira. Anali ndi kachithunzi ka aliyense, ndipo ankafuna kuwaona onse pamodzi maso ake asanachite khungu. Ndinakafunsa abusa ngati limenelo ndi tchimo. Anandiyankha moona mtima kuti za zithunzi sazidziwa, koma ndidzifunse kuti ndani akachiona adzanamizidwa, ndipo ndani adzalira. Ndinaganiza masiku angapo, kenako ndinachipanga mwa njira ina. Sindinawaimike ngati anali pamalo amodzi. Ndinaika bamboyo pakati, ana ake m'timabwalo tozungulira, womwalirayo pamwamba. Aliyense ankaona kuti n'chophatikiza, ndipo mkuluyo anachikonda kwambiri.

Kuyambira pamenepo, munthu akabwera ndi chithunzi cha mnzake wamoyo, ndimati mwini nkhopeyo abwere yekha kapena atume mawu amene ndingawatsimikize. Akakhala womwalira, ndimafuna kumva kwa abale oposa mmodzi. Ndimafunsa kuti chithunzi chikupita kuti, ndipo munthu akayamba kuyang'ana kumbali ndimamubwezera zithunzi zake. Pansi pa chithunzi, m'kati mwenimweni osati kumbuyo, ndimalemba timawu takuti chophatikiza, kuti ngakhale wina achijambulenso mawuwo apite nawo. Ena amakwiya n'kupita kwina. Apite.

Chodabwitsa n'chakuti nditasiya kubisa msoko, ntchito inayamba kukoma kuposa kale. Mlimi wina ndinamupanga atanyamula chimanga chimodzi chachikulu kuposa ngolo yake, ndipo anthu amabwera kunyumba kwake kudzangoseka. Mtsikana wina ndinamundandalika pamzere umodzi kuyambira ali wakhanda mpaka tsiku la ukwati wake, ngati akuyenda kudutsa papepala. Zimenezi sindikanaziganiza nthawi imene nzeru zanga zonse zinali pa kunamiza diso.

Komabe sindinganene kuti malire ndawadziwa onse. Mkwatibwi akandipempha kuti ndichotse chiphuphu patsaya, ndimachotsa. Kodi limenelo si bodza? Mwezi wathawu mayi wina anafuna kuti ndichotse pachithunzi cha banja mwamuna amene anamuthawa. Ndinamumvetsa, koma ndinaganizanso za ana amene tsiku lina adzafuna kuona nkhope ya bambo awo. Tinagwirizana kuti ndipange chatsopano, chakalecho asunge osaching'amba. Kaya ndinachita bwino, sindikudziwa. Chaka chino ndili ku Lusaka kogula mapepala ndinaona kompyuta ikuchita m'kanthawi kochepa zimene ine ndinkachita sabata yathunthu, popanda lezala, popanda chidutswa chotsala choti munthu adzachipeze m'katoni. Ndinaima kumbuyo kwa mwini wake mpaka basi inatsala pang'ono kundisiya. Chidwi chinandigwira ngati tsiku lija ndinaona nkhope ikutuluka m'mankhwala, ndipo ndikufuna kuiphunzira. Koma pobwerera njira yonse ndinkaganiza kuti, mayi wina akadzachitiridwa zimenezi ndi makina aja, adzamatula chiyani pamaso pa ankhoswe?

Tsopano ndili ndi pempho, ndipo ndi chifukwa chenicheni chimene ndavomerera kuima pano. Nditatuluka m'ndende ndinayenda kutolera zithunzi zija. Cha kuofesi, cha kumpingo ndi cha kusukulu ndinazipeza, ndipo amayi Tembo anazitentha okha. Koma chinalipo china chimene a Sakala ankayenda nacho m'thumba n'kumaonetsa m'mathaveni. Chimenecho sichinapezeke. Ndinkaganiza kuti anawoloka nacho. Koma posachedwa amayi Tembo anaima pasitudiyo n'kundiuza kuti Chikondi, amene tsopano ali kusekondale, anabwera kunyumba akulira. Mnzake wa m'kalasi anamuuza kuti anaona chithunzi cha amayi a Chikondiyo ndi mwamuna wa chipewa, bambo a mnzakeyo amachisunga m'sutikesi.

Ndiye kuti chili m'tauni muno. Mwina chili m'nyumba ya wina amene tinkamwa naye, mwina ya wina amene wakhala muno lero. Ngati chili kwa inu, kapena mukudziwa kumene chili, dziwani kuti mayi ameneyo pakhomo limenelo sanapondepo, ndinamuikapo ndine ndi manja awa. Chibweretseni. Sindidzafunsa kuti munachipeza bwanji, ndipo dzina lanu silidzatuluka pakamwa panga. Mukachita manyazi, chitseko cha situdiyo yanga chili ndi mpata pansi, envulopu imalowa.

Ndaima pomwepa. Mulungu atigwire dzanja tonse.